Mafuta a galimoto: yambani mwayeza, kenako musiye zizolowezi izi

Amalume anga amene anandiphunzitsa chiwongolero anali dalaivala wa zaka zambiri, ndipo anali ndi malamulo atatu amene sankafuna kuti munthu awaphwanye. M'mawa galimoto ilire kaye mphindi 10 isanachoke pakhomo. Pamtsetse giya ichotsedwe kuti galimoto idziyendera yokha. Pozimitsa injini uyambe waponda moto kamodzi mwamphamvu kuti mawa isadzavute kulira. Sankanama ayi. Pa Peugeot 504 imene ankayendetsa, yokhala ndi kabyuleta (chipangizo chakale chosakaniza mafuta ndi mpweya) ndi choko (chowonjezera mafuta injini ikazizira), zina mwa zimenezi zinali ndi mutu wake.

Koma taonani galimoto zimene zadzaza m'misewu yathu lero: Vitz, Passo, Sienta, Mira, Nissan Note, Honda Fit ndi zina zotero zochokera ku Japan. Zimenezi zilibe kabyuleta. Mafuta amalowa mu injini kudzera m'ma injekita, timipopi topopera mafutawo, ndipo imene imagamula kuchuluka kwake ndi kompyuta, imene imamvera masensa oyeza mpweya, kutentha kwa injini ndi utsi wotuluka. Galimoto zinasintha kalekale, ife n'kutsala ndi malangizo a nthawi ya choko. Ena mwa malangizowo akutidyera mafuta tsiku ndi tsiku, ndipo limodzi la iwo likhoza kutipha.

Mtengo wa pa pampu amaukonza ndi a MERA, ndipo mafutawo amachokera kutali, ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Pamenepo palibe chimene inu ndi ine tingasinthe. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuchuluka kwa malita amene galimoto ikumwa pa ulendo womwewo. Tiyeni tiyende nalo tsiku la woyendetsa, kuyambira pakhomo mpaka ku galaja.

Choyamba, dziwani nambala ya galimoto yanu

Mukafunsa munthu kuti galimoto yake imamwa bwanji, yankho limabwera m'ndalama: "Ndikathira a K30,000 amandifikitsa Lachinayi." Ndalama siziyeza kanthu, chifukwa mtengo ukasintha muyesowo wafa. Singano ya geji nayonso si mboni yodalirika. Thanki siifanana kukula pamwamba ndi pansi, ndipo singano imachedwa kuchoka pa F chifukwa mafuta ena amakhala pamwamba pa malo amene imayambira kuwerenga. N'chifukwa chake anthu amati galimoto imayamba kumwa kwambiri thanki ikafika theka. Injini siidziwa n'komwe kuti m'thanki mwatsala angati.

Njira yoyezera ndi iyi:

1. Thirani mafuta mpaka pampu itadula yokha. Ikadula koyamba, auzeni othira kuti basi.
2. Musanachoke, bwezerani pa 0 kanambala ka ulendo, kamene pa dashibodi kalembedwa kuti TRIP.
3. Yendani masiku angapo monga mwa nthawi zonse, osasintha kalikonse.
4. Bwererani pa pampu yomwe ija, mudzazenso mpaka itadula koyamba, ndipo mulembe malita amene alowa, osati ndalama.
5. Gawani makilomita ndi malita. Ngati mwayenda makilomita 360 ndipo alowa malita 30, galimoto yanu ikuyenda makilomita 12 pa lita imodzi.

Ndikudziwa kuti ambiri sitikwanitsa kudzaza thanki, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta mwina amakupimirani malita ochepa. Apo chitani chonchi: tsiku limene nyale yochenjeza kuti mafuta atsala pang'ono yayaka, lembani nambala yaikulu ya makilomita. Kuyambira pamenepo lembani lita iliyonse imene mwathira kwa mwezi wathunthu. Tsekani kawerengedweko tsiku lina limene nyale ija yayakanso. Phatikizani malita onse, muone makilomita amene mwayenda, mugawe. Kabuku kakang'ono kosungira m'galimoto momwemo kamakwanira.

Nambala imene mupeze idzakhala yotsika poyerekeza ndi imene munaona pa intaneti pogula galimotoyo. Musadabwe nazo. Nambala za ku Japan amazipeza poyesa galimoto m'nyumba yoyesera, popanda maenje, popanda anthu asanu ndi thumba la chimanga m'buti. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Dziko lino linayamba kuchita zimenezi mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake inabweranso ina ku Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, choncho makilomita amatsikako pang'ono. Chimene mukufuna inu ndi nambala ya galimoto yanu pamisewu yanu, kuti mukasintha chinthu muzitha kuona ngati chathandiza.

M'mawa pakhomo

Lizani injini, mangani lamba, yang'anani magalasi, dikirani kuti nyale ya oyilo izime. Masekondi 30 akwana, nyamukani. Ngati ndi ya dizilo, dikirani kaye kuti kanyale kokhala ngati waya wopiringizika kazime musanalize. Makilomita oyambirira yendani mofatsa, osaikalipitsa injini.

Chifukwa chake n'chakuti injini yozizira imamwa kwambiri. Kompyuta ikaona kuti madzi a mu injini akadali ozizira, imawonjezera mafuta dala mpaka atatentha. Ndiye cholinga n'chakuti itenthe msanga, ndipo injini imatentha msanga ikamakoka galimoto kusiyana ndi ikamangolira pabwalo. Kabyuleta inkafunikadi nthawi chifukwa inkatsamwa ikazizira. Ma injekita satero, ngakhale mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu.

Galimoto yaing'ono ya petulo ikamangolira osayenda imamwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola. Mphindi 10 m'mawa uliwonse kwa masiku 30 ndi maola 5. Amenewo ndi malita atatu kapena anayi pa mwezi amene apsa galimoto ili pakhomo, inu mukumwa tiyi.

Nkhani yomweyi ya injini yozizira ndi imene imachititsa kuti timaulendo tifupitifupi tizidya mafuta koposa. Kupita ku golosale n'kubwerera, patapita maola awiri kupita kuchigayo, madzulo kukatenga mwana: ulendo uliwonse injini ikuyambira kuzizira. Sonkhanitsani zochita zanu mu ulendo umodzi, ndipo muyambire kutali kwambiri kuti injini itenthe bwino, kwinako muzidzera pobwerera.

Za kuponda moto musanazimitse, ingosiyani. Palibe mafuta amene amasungika penapake kuti adzathandize mawa. Galimoto ya dizilo yokhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) ndiye imafuna zosiyana ndi zimenezo: mukachokera ulendo wautali kapena kukwera chitunda, ilekeni ilire yokha mphindi imodzi kuti turbo izizireko, kenako muzimitse.

Phazi lanu ndi magiya

Apa ndi pamene pali malita ambiri. Nthawi iliyonse mukaponda buleki, mukutaya liwiro limene munaligula ndi mafuta. Taonani mmene timayendera mu Chipembere Highway madzulo: kuponda moto mpaka kumbuyo kwa mnzathu, buleki, moto, buleki. Amene wasiya mpata wokwanira kutsogolo kwake n'kumayenda pang'onopang'ono osaima amafika ku Limbe nthawi yomweyo, mafuta ake ali m'thanki.

Phunzirani kuyang'ana patali. Mahampu a pa malo a malonda mumawadziwa pamene ali. Maloboti ofiira amaoneka muli kutali, chimodzimodzi rodibuloko. Chotsani phazi pa moto msanga, galimoto ipite yokha ili m'giya, buleki mudzangomalizira. Ponyamuka musachite kukwawa ngati nkhono, komanso musakhomerere phazi pansi. Nyamukani mwamphamvu pang'ono, mufike msanga pa liwiro limene mukufuna, mukhazikike.

Ngati galimoto yanu ndi ya manyuwo, kwezani giya msanga: singano ya injini ikafika cha pa 2,000 mpaka 2,500 pa petulo, ndipo cha pa 2,000 pa dizilo. Koma musapitirire muyeso. Ena amaika giya 5 pa liwiro la 30 poganiza kuti giya yaikulu ndiyo yosunga mafuta nthawi zonse. Mukamva injini ikunjenjemera ndi kugogoda, ikuvutika, bwererani giya imodzi. Phazi lamanzere lichoke pa kilatchi mukangosintha giya, ndipo pachitunda gwiritsani handibuleki m'malo moimitsa galimoto ndi theka la kilatchi.

A otomatiki, yang'anani dashibodi yanu lero lomwe. Galimoto zambiri za ku Japan zili ndi kabatani pambali pa ndodo ya giya, ndipo kakadinidwa pamayaka mawu akuti O/D OFF. Nyale imeneyo ikayaka ndiye kuti giya yomaliza yatsekedwa, injini ikuzungulira kwambiri pa liwiro lomwelo. Ndaonapo anthu akuyenda nayo miyezi ili chiyakire, poganiza kuti ikusonyeza kuti chinachake chodya mafuta chazimitsidwa. Pamsewu wabwino nyaleyo ikhale yozima. Ntchito yake ili pamtsetse ndi pokoka katundu pachitunda.

Nanga liwiro? Pali zikhulupiriro ziwiri zotsutsana, ndipo zonse n'zolakwika. Ena amati ukathamanga umafika msanga, choncho injini imalira nthawi yochepa. Ena amati kuyenda 30 ndiye kusunga. Galimoto zambiri zimamwa pang'ono pakati pa makilomita 60 ndi 80 pa ola zili m'giya yomaliza. Kupitirira apo mdani wamkulu ndi mphepo. Mukawirikiza liwiro kawiri, kuchoka pa 60 kufika pa 120, mphepo imene galimoto ikulimbana nayo imakula kanayi. Pa mtunda wa makilomita 100, woyenda 120 amatenga mphindi 50, woyenda 100 amatenga mphindi 60. Mphindi 10 zimenezo amazigula ndi mphepo yokula ndi 44 peresenti, ndipo pamsewu wa M1 wodzaza ndi njinga, mbuzi ndi ana a sukulu sazipeza n'komwe.

Pamtsetse: nkhani ya fili

Pano ndikhalitsapo, chifukwa m'pamene pali moyo wa anthu.

Aliyense amene anakwerapo minibasi amadziwa kachetechete amene amagwa galimoto ikafika pamwamba pa chitunda, dalaivala n'kuchotsa giya kuiika pa fili, kapena kuti pa N. Ena amafika pozimitsa injini. Maganizo ake ndi omveka: injini ikamalira pang'ono ndiye kuti ikumwa pang'ono. Pa kabyuleta zinali ndi kachoonadi, chifukwa kabyuleta imayamwa mafuta nthawi iliyonse imene injini ikuzungulira.

Galimoto ya ma injekita imachita zosiyana. Mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, injini itatentha ndipo ikuzungulira mopitirira mmene imachitira ikangolira payokha, kompyuta imatseka ma injekita. Mafuta salowa ngakhale dontho. Amene akuzungulitsa injini pa nthawiyo ndi matayala. Mukaika pa fili mwadula mgwirizano wa matayala ndi injini, ndiye kompyuta iyenera kuthira mafuta kuti injini isazime. Choncho pamtsetse weniweni, wofuna buleki, amene ali m'giya sakumwa kanthu, amene ali pa fili akumwa. Ngati galimoto yanu ili ndi kanambala kosonyeza mmene ikumwera pa nthawi yomweyo, yesani pamalo abwino mudzione nokha.

Ndinene chilungamo: kusiyana kwa mafutawo n'kochepa. Mphindi 5 za fili sizikwana ngakhale theka la kapu. Pa kamtsetse kosatsetsereka kwambiri, galimoto ya pa fili imathanso kupita patali pang'ono isanafune moto. Ndiye ngakhale wina atapambana mkanganowo, wapambana timasipuni tochepa ta petulo. Chimene waika pachiswe ndi chachikulu.

Potsika ku Chiweta, pa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, kapena potsika phiri kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, injini imene ili m'giya imagwira galimoto, kuthandizana ndi mabuleki. Pa fili ntchito yonse imatsalira mabuleki okha. Amatentha, amayamba kununkha, ndipo akapitirira muyeso amaleka kugwira. Mafuta a mabuleki akakhala akale, oti anayamwa chinyontho, amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Zimenezi sizichenjeza pamalo owongoka. Zimachitika pakona yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, pamene mwakhala mukuponda kwa nthawi.

Kuzimitsa injini ndiye koopsa kuposa apo. Chothandizira mabuleki chimadalira injini: ikazima mumatsala ndi mphamvu yoponda kawiri kapena katatu, kenako buleki imauma gwa ngati mwala. Chiwongolero cha pawa chimalemera mwadzidzidzi. Kiyi akabwerera mpaka kumapeto, chiwongolero chikhoza kudzikhoma galimoto ikuthamanga. Pa otomatiki palinso china: pampu imene imayendetsa oyilo wa m'giyabokosi imazunguliridwa ndi injini, ndiye kuyenda injini itazima kumaiwononga giyabokosiyo.

Zoyenera kuchita nazi. Chepetsani liwiro muli pamwamba, mtsetse usanayambe. Pa manyuwo sankhani giya imene mukanakwerera chitunda chomwecho, kawirikawiri 3, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri 2. Pa otomatiki dinani kabatani kaja kuti O/D OFF iyake, ndipo ngati ikuthamangabe ikani pa 2 kapena pa L. Zina zili ndi S kapena B m'malo mwake. Pa Toyota Aqua kapena Prius, zimene zimayendera petulo ndi magetsi, gwiritsani B, ndipo dziwani kuti zimenezi zikakhala pa N batire lake lalikulu sililandira moto, ndiye fili ikukulandani chinthu chenicheni chimene munaigulira. Buleki pondani mwamphamvu pang'ono kwa kanthawi, musiye, mupondenso, osati kugonekapo phazi njira yonse. Injini ikamalira mokweza potsika musachite mantha, sikumwa mafuta, ikugwira ntchito yake.

Ndipo ngati mwakwera minibasi dalaivala n'kuzimitsa injini pamtsetse, lankhulani. "Adalaivala, chonde lizani galimoto, muike giya." Ena m'galimotomo adzakuthandizani.

Poima ndi podikira

Timamva kuti kuliza injini kumadya mafuta ambiri kuposa kuisiya ikulira. Pa injini ya ma injekita imene yatentha kale, mafuta olizira ndi ofanana ndi amene ingamwe ikulira kwa masekondi pafupifupi 10. N'chifukwa chake galimoto zina zatsopano zimadzizimitsa zokha pa maloboti.

Lamulo losavuta ndi ili: ngati mukuona kuti muima kupitirira mphindi imodzi pamalo osaopsa, zimitsani. Pageti la sukulu, podikira mayi amene alowa mumsika, pamzere wa mafuta. Pamzere wa mafuta makamaka, musamasunthe galimoto ikangosuntha ya kutsogolo ndi mita imodzi. Dikirani mpata ukule, mulize kamodzi, musendere. Kuliza kambirimbiri popanda kuyenda kumafooketsa batire, ndiye ngati lanu ndi lotopa kale, zimitsani wailesi, fani ndi nyale pamene mukudikira. Pa maloboti ndi pa mphambano musazimitse ndi kiyi, chifukwa pamenepo mufunika kunyamuka nthawi iliyonse.

AC imadyadi mafuta, makamaka m'tauni ndi pamene galimoto yaima. Galimoto ikakhala padzuwa la Okutobala, tsegulani mawindo onse kaye kuti mpweya wotentha utuluke, muyende pang'ono, kenako muyatse AC ndi kudina batani lozungulitsa mpweya wa m'kati momwemo. M'tauni pa liwiro lochepa mawindo amakwanira ngati kutentha n'kopiririka. Pamsewu waukulu tsekani mawindo, chifukwa otsegula amakola mphepo. Nthawi ya mvula galasi lakutsogolo likachita nthunzi, yatsani AC osawerengera mafuta, muone msewu.

Pa pampu

Zoti mafuta a m'mamawa ndi ochuluka chifukwa ndi ozizira zimamveka ngati sayansi. Petulo amafufumadi akatentha, pafupifupi gawo limodzi mwa 1,000 pa digiri iliyonse. Koma matanki a pa malo omwetsera mafuta ali pansi panthaka, kumene kutentha sikusintha kwenikweni pakati pa m'mawa ndi masana. Mukadzuka usiku n'kuyenda makilomita 5 kuti mukapeze mafuta ozizira, mwawotcha ochuluka kuposa amene mukawapeze.

Kugwedeza galimoto kapena kukweza tayala pa njerwa kuti mulowe ena ndimakumvetsa, makamaka munthu atagona pamzere. Komabe pampu ikadula, mpata umene watsala pamwamba unasiyidwa dala kuti mafuta akatentha apeze pofufumira. Mukaudzaza, ena amatayikira pansi, ena amalowa m'kabokosi ka makala kamene ntchito yake ndi kugwira nthunzi ya petulo, n'kukawononga.

Ena amayenda ndi mafuta ochepa dala kuti galimoto ipepuke. Lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, ndiye malita 20 ndi makilogalamu 15, osafika ngakhale theka la thumba la simenti. Pampu ya mafuta ya galimoto zambiri imakhala m'thanki momwemo ndipo imazizira ndi mafutawo. Kuyendera nyale tsiku ndi tsiku kumaifupikitsa moyo. Ngati thumba likulola, musalole kuti atsike kupitirira kota. Kulemera kumene muyenera kuchotsa kuli m'buti: zitsulo zakale, zigubu za madzi, matayala akutha. Keliyala ya padenga imene simukuigwiritsa ntchito imasuleni, chifukwa imakola mphepo ngakhale ilibe katundu.

Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu simungadziwe chimene chili m'katimo. Madzi ndi fumbi zimatseka ma injekita. Parafini mu dizilo, amene ena amathira dala kuti achuluke, alibe kuterera kumene pampu ya dizilo imadalira, ndipo mtengo wa pampu imeneyo umameza zonse zimene munasunga. Timapilisi toponya m'thanki ndi timaginito tomangirira pa paipi ya mafuta musataye nato ndalama. Opanga galimoto amalimbirana dontho lililonse la mafuta kuti agulitse malonda awo, ndipo chikanakhala kuti kamaginito kamathandiza, bwenzi atakaika okha ku fakitale.

Ku galaja

Galimoto zambiri zikangofika m'dziko muno, malangizo oyamba amene mwini wake amalandira ndi akuti achotse thermostat. Amati inapangidwira mayiko ozizira, kuno kumatentha. Ine ndinamverapo malangizo amenewa, ndipo ndinayenda chaka chathunthu ndikudandaula kuti galimoto yayamba kumwa, osadziwa kuti ndinaipatsa ludzulo ndine.

Thermostat ndi kachitseko ka madzi pakati pa injini ndi ladiyeta. Injini ikakhala yozizira kamatseka kuti itenthe msanga. Madzi akafika pakati pa madigiri 80 ndi 90 kamatseguka kuti apite ku ladiyeta akazizire. Kutentha kumeneko ndi kumene injini inapangidwira, kaya ili ku Hokkaido kaya ku Nsanje, chifukwa ngakhale ku Nsanje mpweya sufika madigiri 80. Mukakachotsa, madzi amangozungulira, injini imachedwa kutentha, ndipo pamsewu waukulu kapena usiku imazizira ikuyenda. Kompyuta ikaona zimenezo imachita zomwe zija za m'mawa, kuwonjezera mafuta, koma tsopano kwa nthawi yaitali. Mafuta owonjezerawo amatsukanso oyilo m'makoma a masilinda, injini n'kumatha msanga. Kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotsegulidwa kumabweretsa vuto lomwelo.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Mukayenda mphindi 10 kapena 15, singano ya kutentha iyenera kufika cha pakati n'kukhazikika. Ngati imakhala pansi, kapena imatsika mukamathamanga, kapena kanyale ka buluu kamachedwa kuzima, funsani makaniko wanu kuti: "Bwana, thermostat ilimo?" Ngati mulibe, gulani yoyenera galimotoyo aikemo. Ngati injini inkatenthadi mopitirira, chifukwa chake chifufuzidwe: ladiyeta yotsekeka, chivundikiro chake chotha, fani yakufa, pampu ya madzi, kapena thermostat yomweyo yomwe inamatirira ndipo ikufuna ina yatsopano.

Kenako matayala. Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala komatidwa pa khomo la dalaivala. Pa galimoto za ku Japan umalembedwa mu kPa: 230 kPa ndi chimodzimodzi 2.3 bar, kapena pafupifupi 33 psi. Nambala ya mpweya yolembedwa pa tayala lenilenilo ndi malire amene tayalalo lingapirire, si muyeso woyendera. Yezani kamodzi pa masabata awiri, matayala ali ozizira. Tayala lochepa mpweya limalemetsa galimoto ndipo limatentha. Kupopa mopitirira muyeso kuti muzisunga mafuta kumapindulitsa pang'ono zedi, koma tayala limadyeka pakati, limagwira msewu mochepa pa mvula, ndipo limaphulika msanga likagunda dzenje. Mukagunda dzenje lalikulu galimoto n'kuyamba kukokera mbali imodzi, kawongoletseni miyendo.

Mabuleki omatirira amadya mafuta mwakachetechete. Mukayenda mtunda osaponda buleki kwambiri, imani, muyandikize dzanja pa limu lililonse osalikhudza. Limodzi likakhala lotentha kuposa anzake, pamenepo pali chogwira.

Oyilo thirani amene buku la galimoto kapena chivundikiro cha pa injini chikunena. Injini zing'onozing'ono zambiri za masiku ano zimafuna oyilo wopepuka monga 5W-30 kapena 0W-20. Chizolowezi chothira 20W-50 m'galimoto iliyonse chinachokera ku injini zakale, ndipo oyilo wolimba amalemetsa injini makamaka m'mawa. Sefa ya mpweya, imene amakaniko amati eya kilina, iyang'aneni pafupipafupi m'miyezi ya fumbi, ndipo musalole munthu kuichotsa kapena kuiboola kuti injini ipume bwino. Fumbi limenelo likalowa limapala m'kati mwa injini ngati mchenga. Mapulagi asinthidwe pa nthawi yake.

Nyale yachikasu yooneka ngati injini ikayaka, musalole kuti aimate ndi tepi kapena kuchotsa babu lake. Pitani kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Nthawi zambiri vuto limakhala sensa ya mu ekizozi imene imauza kompyuta ngati mafuta achuluka kapena achepa. Ikafa, kompyuta imangoyerekeza, ndipo kawirikawiri imayerekeza mowonjezera. Chipangizo choyeretsa utsi chimene chili mu ekizozi momwemo, chimene ena amakunyengererani kuti muchotse poti chimatsamwitsa injini, chisiyeni ngati chili bwino. Chili ndi zitsulo zodula m'kati mwake, n'chifukwa chake ofuna kukuthandizani kuchichotsa sasowa.

Yezaninso

Musasinthe zonse tsiku limodzi ngati mukufuna kudziwa chimene chathandiza. Yambani ndi zosafuna ndalama: mpweya wa matayala, kutsitsa katundu wa m'buti, kusiya kutenthetsa m'mawa, nyale ya O/D. Yezani matanki awiri, kapena mwezi umodzi wa m'kabuku kaja. Kenako phazi ndi liwiro, muyezenso. Za ku galaja zibwere pomaliza, chimodzichimodzi, kuyambira ndi thermostat. Yerekezani zofanana zokhazokha, mwezi wa m'tauni ndi mwezi wa m'tauni, ulendo wa ku Lilongwe ndi ulendo wina wa ku Lilongwe.

Nambala ikadzatsika mwadzidzidzi inu musanasinthe kayendetsedwe kapena njira, mwachitsanzo kuchoka pa 12 kufika pa 9, yambani mwayang'ana pansi pamene galimoto inagona ngati pali madontho, mununkhize cha ku thanki ndi mu boneti, muone ngati chivundikiro cha thanki chikutseka bwino. Mukamva fungo la petulo musailize, itanani makaniko abwere pomwepo. Mukapanda kupeza kanthu, tengani kabuku kaja popita ku galaja, mukamuonetse makaniko sabata imene nambalayo inayamba kutsika.